NYELETI YOGONEKA WODWALA WOLUSA: SIKUCIRA, NDI POYAMBIRA CABE

USIKU umodzi ungasandutse munthu amene mumadya naye m'mbale imodzi kukhala mlendo woopsa m'nyumba mwanu momwe. Tiyerekeze ndi mnyamata wa ku Madzimoyo, pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Katete. Patha masiku anai osagona tulo. Alankhula yekha, akana nsima ponena kuti mwathiridwa mankhwala, ndipo aumirira kuti pali anthu amene ali kum'londola kuti amuphe. Lero madzulo wanyamula mpini wa khasu, waphwanya citseko, ndipo amai ake ndi ana athawira kwa anansi.

Amalume ake aitana anyamata a pamudzi. Am'gwetsa pansi, am'manga manja ndi miyendo, am'kweza kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa ku cipatala ca Chipata Central. Kumeneko anamwino am'lasa nyeleti, ndipo pasanathe ola limodzi munthu uja wagona, ali phee. Mitima ya abale ikhala pansi. Wina anena kuti, "Basi, wacira. Mawa tibwerera naye kumudzi."

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokera, kaya ndi a ku Madzimoyo, ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika kapena ku Magazine. Nyeleti imeneyi siciritsa matenda. Ili ngati madzi ozizira amene mai amathira mumphika wa phala pamene lasefukira: thobvu litsika, koma nkhuni zikali kuyaka pansi. Nchito yake ndi kukhazika wodwala pansi kuti asadzibvulaze, asabvulaze ena, ndi kuti acipatala apeze mpata wom'pima. Zimene banja licita nyeleti isanalasidwe, ndi zimene licita pambuyo pake, ndizo kawirikawiri zimapulumutsa moyo kapena kuutaya.

SI ALIYENSE WOLUSA AMENE ALI NDI MISALA

Munthu akayamba kufuula, kubvula zobvala kapena kumenya anthu, pakomboni pamamveka mau amodzi akuti wafuntha. Ena amati wam'lodza, ena amati ndi mizimu. Koma acipatala amadziwa kuti ukali wotere ndi cizindikiro cabe, monga momwe kutentha thupi kulili cizindikiro. Zoyambitsa zake ndi zambiri, ndipo zina mwa izo zimapha m'masiku owerengeka.

Malungo akalowa mu ubongo, munthu amasokonezeka. Matenda oumitsa khosi amacita cimodzimodzi, makamaka kwa amene ali ndi kacirombo ka HIV koma sali pa ma ARV, kapena anawaleka. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala ake osadya, shuga ikatsika kwambiri, amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulusa ngati waledzera. Munthu amene anagwa pa njinga kapena kumenyedwa m'mutu angayambe kusokonezeka patapita maola kapena masiku. Wa khunyu naye nthawi zina amakhala wosokonezeka atangotsitsimuka.

Mowa uli ndi mbali ziwiri. Woledzera amalusa, ici tonse ticidziwa. Koma cimene ambiri sadziwa ndi cakuti munthu amene amamwa kacasu tsiku ndi tsiku, akaleka mwadzidzidzi, pakapita masiku awiri kapena atatu angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona tizirombo kapena njoka pa cipupa. Bvuto limeneli lingaphe ngati silithandizidwa msanga. Camba naco cimasokoneza acinyamata ambiri. Ndipo pali azimai ena amene mutu umasokonezeka m'masabata oyamba atangobereka.

Pomaliza pali matenda eni eni a maganizo, amene munthu amamva mau a anthu osaoneka, kukhulupirira zinthu zimene kulibe, kapena kukhala ndi mphamvu zosaneneka osagona masiku ambiri.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti bvuto lingakhale la m'thupi. Ngati munthu anali bwino dzulo ndipo wasokonezeka lero, ngati sadziwa kumene ali kapena sazindikira abale ake, ngati thupi latentha, khosi lauma, wakomoka, kapena ngati ndi wacikulire amene sanadwalepo motere, musataye nthawi. Munthu wotere akangolasidwa nyeleti yogoneka osapimidwa, agona ndithu, koma malungo kapena shuga zipitiriza nchito yake iye ali m'tulo.

ZOCITA PANYUMBA

Coyamba, cotsani ana, okalamba ndi amai apakati. Bisani mipeni, nkhwangwa, makasu, macisa ndi mankhwala a m'munda. Anthu oonerera abwerere kwao, pakuti khamu la anthu ndi phokoso zimaonjezera mantha a wodwala. Kumbukirani kuti ambiri mwa odwala otere amalusa cifukwa ca mantha. M'maganizo mwao, iwo ndiwo ali pangozi.

Alankhule naye munthu mmodzi cabe, amene iye amam'khulupirira, kaya ndi ambuye ake, amalume kapena mnzake. Alankhule motsitsa mau, am'chule dzina lake, aime patali pang'ono, ndipo asam'tsekere khomo. Musatsutsane naye pa zimene akuti aona kapena kumva, ndipo musam'seke. Nthawi zambiri mau odekha ndi kapu ya madzi zimacita zimene anyamata asanu amphamvu akanalephera.

Musam'menye. Cikwapu sicicotsa matenda. Musam'patse mowa kuti agone, ndipo musam'mwetse mapiritsi a wodwala wina wa pakomboni, ngakhale matenda ao aoneke ofanana.

Ngati palibe njira ina koma kum'gwira, mutu umodzi susenza denga. Pakhale anthu okwanira, aliyense agwire mkono kapena mwendo umodzi. Musam'goneke cafufumimba, musam'gwadire pa msana, pa cifuwa kapena pa khosi, ndipo musam'tseke pakamwa ndi nsalu. Anthu afa motere m'maiko ambiri, cifukwa munthu wopanikizidwa cafufumimba amalephera kupuma. Waya, unyolo ndi mphira zimadula khungu ndi kutseka magazi, mwakuti munthu angacire mutu koma dzanja litapuwala. M'galimoto agone cammbali, ndipo wina akhale pafupi ndi mutu wake kuona m'mene ali kupumira.

Ngati wanyamula cida ndipo simungathe kum'yandikira, pemphani apolisi akuthandizeni kum'perekeza ku cipatala. Wodwala malo ake ndi ku cipatala, osati m'citokosi.

NENANI ZOONA KWA ACIPATALA

Wodwala wolusa sangafotokoze za matenda ake. Pakamwa pake ndinu abale. Cotero amene aperekeza akhale munthu amene amakhala naye nyumba imodzi, osati mwini galimoto cabe.

Nyamulani khadi kapena buku lake la ku kiliniki, pamodzi ndi mapepala ndi mabotolo a mankhwala onse amene amamwa, kuphatikizapo a kwa ng'anga. Fotokozani tsiku limene zinayamba, tsiku limene anagona tulo komaliza, ngati anatentha thupi, ngati anagwa kapena kumenyedwa. Ngati ali ndi shuga, khunyu, BP, matenda a mtima kapena asima, nenani. Ngati ndi mzimai, nenani ngati ali ndi pakati, ayamwitsa kapena wangobereka kumene. Ngati analasidwapo nyeleti yotere ndipo inam'bvuta, nenaninso.

Manyazi apha anthu pa nkhani ya mowa ndi camba. Makolo ambiri amabisa poopa kunyozedwa. Koma dotolo amasankha mankhwala molingana ndi zimene mwamuuza. Wosokonezeka cifukwa coleka mowa amafunika mankhwala osiyana ndi a wodwala maganizo, ndipo mankhwala ena ogoneka akakumana ndi mowa m'thupi amafooketsa kupuma. Mukabisa, mwam'bisira dotolo njira.

NYELETI NDIYO YOMALIZIRA

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ochedwa mhGAP m'caka ca 2010, ndipo linawakonzanso mu 2016. Malangizowa analembedwera anamwino ndi makiliniko ofisa a m'zipatala ndi m'makiliniki momwe mulibe dotolo wa matenda a maganizo. Dongosolo lake ndi lomveka: yambani ndi kulankhula ndi wodwala pa malo abata, funani comwe cayambitsa, pimani shuga, kutentha kwa thupi ndi kapumidwe. Ngati mankhwala afunika, yambani mwam'pempha kuti amwe piritsi. Nyeleti ibwera pamene izi zalephera ndipo pali ngozi yeni yeni.

Cotero musakwiye mukaona namwino ayamba ndi kukambirana ndi wodwala wanu kapena kum'tenga magazi pa cala m'malo mothamangira nyeleti. Sali kucedwa dala. Ali kucita nchito yake moyenera.

MANKHWALA AKE NDI ATI?

Pali maina anai amene mabanja amamva kawirikawiri m'zipatala zathu.

Loyamba ndi chlorpromazine, amene ambiri amawadziwa kuti Largactil. Anapangidwa ku France mu 1950, ndipo mu 1952 madotolo awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa kuti amathandiza odwala maganizo. Asanabwere mankhwalawa, zipatala za misala zinali kudalira kwambiri zingwe ndi zipinda zokhoma. Largactil amagoneka kwambiri, koma amatsitsa BP, mwakuti wodwala akaimirira msanga amacita cizungulire ndi kugwa.

Laciwiri ndi haloperidol, amene anapangidwa ku Belgium mu 1958. Satsitsa BP kwambiri ngati Largactil, koma amakonda kuumitsa minofu.

Lacitatu ndi promethazine, kapena kuti Phenergan. Amenewa si a misala, koma amabweretsa tulo ndipo amacepetsa kuuma kwa minofu. Ndiye cifukwa cake nthawi zambiri amaperekedwa pamodzi ndi haloperidol. Pa kafukufuku wina wa ku Brazil amene anafalitsidwa mu 2007, odwala olusa 316 anagawidwa pawiri: ena analandira haloperidol yekha, ena haloperidol ndi promethazine. Odwala 10 anauma minofu mwadzidzidzi, ndipo onsewo anali m'gulu la haloperidol yekha. Cotero mukaona mankhwala a mitundu iwiri, musaganize kuti acipatala apyola muyeso.

Lacinai ndi diazepam, kapena kuti Valium. Nayenso si wa misala. Amakhazika mtima pansi, ndipo ndiye amathandiza kwambiri wosokonezeka cifukwa coleka mowa. Kuopsa kwake ndi kwakuti amafooketsa kupuma, makamaka kwa woledzera, wokalamba ndi wodwala cifuwa.

Mlingo wa mankhwala onsewa amauyesa ndi acipatala, poona msinkhu, thupi ndi matenda ena a wodwala. Nkhalamba ndi anthu ofooka amalandira ocepa. Si mankhwala osunga m'kabati kuti mudzalase nokha kunyumba, ndipo munthu woyenda ndi nyeleti m'cola pakomboni musam'lole kukhudza wodwala wanu.

Palinso nyeleti ina ya pamwezi, monga Modecate, imene odwala ena amalandira ku kiliniki. Imeneyi imalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa masabata angapo kuti matenda asabwerere. Siigwira nchito pa ngozi ya usiku umodzi. Musasokoneze ziwirizi.

WODWALA AKAGONA, MASO ANU ASAGONE

Colinga ca nyeleti ndi cakuti wodwala adekhe, koma akhale woti mukam'gwedeza kapena kum'chula dzina adzuka. Pambuyo pa nyeleti anamwino amayenera kuona kapumidwe, kugunda kwa mtima, BP ndi kutentha kwa thupi kawirikawiri, makamaka pa ola loyamba. Koma tonse tidziwa kuti usiku namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri. Mlonda wapafupi ndinu amene mwakhala pambali pa bedi.

Wodwala agone cammbali kuti akasanza, masanzi asalowe m'mapapo. Musam'mwetse madzi kapena phala asanadzuke bwino. Akafuna kupita ku cimbudzi, ayambe wakhala tsonga, ndipo mum'gwirire poyenda.

Itanani namwino nthawi yomweyo mukaona izi: kupuma kwacedwa kapena kukudukiza, milomo yasintha mtundu, wodwala sadzuka ngakhale mum'gwedeze, kapena wakomoka.

Pali bvuto lina limene limaopsa mabanja kwambiri. Patapita maola kapena masiku ocepa, khosi la wodwala lingapotokere kumbali, maso kutembenukira kumwamba, lilime kutuluka, nsagwada kuuma. Zimenezi zimagwera kwambiri anyamata. Abale ambiri akaona izi amati ufiti wam'tsatira ku cipatala, ndipo ena amathawa naye usiku kupita kwa ng'anga. Si ufiti ai, ndiponso si khunyu. Ndi mphamvu ya mankhwala pa minofu, ndipo acipatala ali ndi mankhwala amene amamasula minofuyo msanga. Limodzi mwa maina ake ndi benzhexol, amene ambiri amati Artane. Amenewanso aperekedwe ndi acipatala, osati kugulidwa pamseu. Ngati kuumako kwafika pa mmero ndipo wodwala abvutika kupuma kapena kumeza, thamangani.

Ena amalephera kukhala malo amodzi: miyendo imafuna kuyendayenda, mtima osakhazikika. Banja limaganiza kuti matenda akula ndipo limapempha nyeleti ina, pamene bvutolo labwera ndi mankhwala omwewo. Fotokozani bwino zimene muona kuti dotolo asiyanitse.

Bvuto losowa koma loopsa koposa ndi ili: thupi kutentha kwambiri, minofu yonse kuuma gwa, thukuta lambiri ndi kusokonezeka koposa kale. Wodwala wotere asamwenso mankhwalawo, ndipo aonedwe ndi dotolo tsiku lomwelo, ngakhale mutakhala kuti mwatuluka kale m'cipatala.

LAMULO LINENA CIANI?

Kwa zaka zambiri Zambia inali kutsatira lamulo la atsamunda la 1949, limene linali kuchula odwala maganizo ndi maina onyoza. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti maina otere ndi osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene linalowa m'malo mwa lakale lija.

Mfundo yake yaikulu ndi yakuti wodwala maganizo ndi munthu ngati wina aliyense, ndipo ulemu ndi ufulu wake sizicoka cifukwa wadwala. Kum'patsa thandizo iye osabvomera ndi nkhani ya pangozi, osati cizolowezi. Nyeleti si cilango ca wodwala wobvuta, ndipo si njira yopezera tulo kwa om'samala. Inu abale muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu dzina la mankhwala amene aperekedwa, cifukwa cake, ndi zimene muyenera kuyang'anira. Lembani dzinalo m'buku lake, pakuti lidzathandiza tsiku lina. Wodwalayo akadzuka, nayenso auzidwe zimene zinacitika, ndipo afunsidwe maganizo ake.

Anthu ambiri akamva za misala amaganiza za Chainama ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962. Koma kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500. Simufunika kuyamba ulendo wotere ndi wodwala womangidwa. Yambirani pa kiliniki kapena cipatala ca pafupi. Cipatala ca Chipata Central cili ndi cigawo ca odwala maganizo, ndipo acipatala ndiwo adzanena ngati pafunika kupita patsogolo.

PAMBUYO PA MKUNTHO

Kudekha kumabwera m'mphindi kapena maola, koma kuti mau a anthu osaoneka aleke ndi maganizo abwerere m'malo, pamafunika masiku kapena masabata akumwa mankhwala mosadumphitsa. Ambiri amene amabwerera ku cipatala ali omangidwa ndi aja amene analeka mankhwala atamva bwino, kapena atatopa ndi tulo, kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi. Ngati mankhwala am'bvuta wodwala wanu, musaleke mwa inu nokha. Bwererani ku kiliniki, pakuti mlingo ungacepetsedwe kapena mtundu kusinthidwa.

Mapemphero ndi uphungu wa akulu zili ndi malo ake, ndipo palibe amene aletsa. Koma wina akakuuzani kuti tayani mapiritsi, dziwani kuti usiku wa zingwe udzabweranso, ndipo iye sadzakhalapo.

Phunzirani zizindikiro zoyamba za wodwala wanu. Kwa ambiri ndi kusowa tulo masiku awiri kapena atatu, kudzipatula, kukaikira cakudya, kapena kulankhula kosalekeza. Mukapita naye ku kiliniki pa nthawi imeneyi, amayenda yekha ndi miyendo yake, amalandira mapiritsi, ndipo nyeleti ya pangozi siifunika konse.

Tibwerere kwa mnyamata wathu wa ku Madzimoyo. Kukaca, amalume ake asafulumire kufuna galimoto yobwerera. Akhale pansi ndi acipatala, afunse comwe capezeka m'magazi, afotokoze za masiku anai aja osagona, ndipo asabise ngati mphwao amasuta camba. Aone zilonda za zingwe pa manja ake kuti zitsukidwe. Akadzabwerera kumudzi, auze anyamata amene anam'gwira kuti asam'seke kapena kum'patsa maina. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Matenda awa sasankha nyumba, ndipo munthu amene wathandizidwa bwino amabwerera kumunda, kusukulu ndi kunchito monga kale.